Mlatho Umene a Shomari Anakana Kuwoloka

A Shomari amakonza mafani ndi maayironi pakhonde la nyumba imene timachita lendi ku Magomeni, mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo ine ndimakazinga tchipisi cha mazira pambali pawo, moti utsi wanga ndi maganizo awo zimasakanikirana tsiku lonse. Bambowa alibe chinthu chimene sachiweruza. Tiyi wopanda jinja amati ndi madzi otsukira makapu. Chapati sachidula ndi mpeni, ati chimakwiya. Singeli, nyimbo yothamanga imene amaliza anyamata a bajaji, tinjinga tamoto ta mateyala atatu tonyamula anthu, amati imamveka ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Iwo amakonda taarabu, nyimbo yoti ukhoza kukasamba n'kubwerako woimba asanamalize kudandaula.

Gemu ya pa TV inabwera ndi mlamu wawo wa ku Dubai, ati ana azisewera. Ana anangoinunkhiza, bambo n'kulanda. Inali gemu ija yoti umakhala mnyamata wa lupanga, n'kumayenda mudzi ndi mudzi kusonkhanitsa anzako kuti mukaphe chinjoka chofuna kumeza dzuwa. Makasitomala akachepa, a Shomari ankatulutsa TV pakhonde, n'kugwira padi yodinira ija ndi manja onse awiri ngati akulandira mphatso kwa apongozi.

Mnyamata wa lupangayo sanawasangalatse ngakhale pang'ono. Ankati analeredwa moipa: amalowa m'nyumba za eni osaodira, kutsegula mabokosi, kuswa miphika, eni ake akungomwetulira ngati zitsiru. Choncho iwo akafika pakhomo ankamuimitsa kaye, n'kunena mokweza kuti "Odi", n'kudikira pang'ono, ndipo m'katimo sankakhudza kanthu. Zotsatira zake, mnyamatayo anali mmphawi wotheratu, lupanga lake la dzimbiri lomwe anayamba nalo. Sankamvetsanso zoti munthu n'kuyenda ndi nsomba zambirimbiri m'thumba limodzi kwa miyezi, anzake osadandaula fungo. Koma ndewu za m'gemumo ankazitamanda, poti mumamenyana mosinthana: iwe menya ine ndidikire, ine ndimenye iwe udikire. Ankati ndewu za pa siteji ya basi zikanamayenda chonchi, Dar es Salaam ukanakhala mzinda wa anthu.

Pa anzake onse a mnyamatayo panali mmodzi amene a Shomari ankamukonda poyera. Sanali mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno uja ayi. Anali mayi wonenepa wophikira gululo, wa mpango wofiira, womenya zilombo ndi chipande. Dzina lake linali lopinda lilime, ndiye tonse tinkangomuti Mayi Chipande. Ukamulankhula, yankho lake linali limodzi lokha: "Wadya?" Kenako ankakupatsa buledi, mphamvu n'kubwerera.

Amene anaononga zinthu ndi Kibwana, woyendetsa bajaji wa pakamwa posatseka, yemwe gemuyo anaimaliza kalekale kwa msuweni wake. Tsiku lina akudya tchipisi changa anaona kuti a Shomari afika pamudzi wa m'mbali mwa mtsinje, pamene pamalira kachitoliro kozizira bwino. Anangoti mukawoloka mlatho uwo, mayi wanuyo afa. A Shomari anaika padi pansi. Anafunsa ngati pali njira ina, kapena mankhwala, kapena kumusiya mayiyo pamudzi, koma Kibwana anati palibe, wopanga gemuyo analemba choncho.

"Ndiye wopangayo alibe m'bale," anatero a Shomari.

Kuyambira tsiku limenelo mlatho sanauwoloke. Ramadani inabwera n'kupita, inabweranso n'kupitanso, mnyamata wa lupanga ali pamtsinje kuwedza nsomba, Mayi Chipande ataima pambali pake. Anthu a m'gemumo ankalira kuti dziko likutha, a Shomari n'kumawayankha kuti likanatha kale, chinjokacho aona kuti sichili pachangu. Ankatinso wopeka kachitoliro ka mudziwo ndi yekhayo woganiza bwino pakampani yonseyo, ndipo ayenera kuti amamwa tiyi wa jinja.

Amene zinkawapweteka ndi akazi awo, amake Tatu. Pampopi azimayi ankawafunsa kuti akazi anzanu a mu TV aja adzuka bwanji, ena n'kumati koma uja ngwosadula, sapempha kanga yatsopano, chitenje chathu cha kuno. Ine ndinkaseka nawo, kubisa n'kulakwa. Koma ndinkaonanso mpunga wawo ukuzizira pamkeka, mwamuna ali kalikiliki kuyankha mayi wa mu TV kuti wadya kale. Mkazi aliyense zikanamuwawa.

Lachisanu lina a Shomari atapita ku mzikiti, amake Tatu anatuluka atamanga kanga m'chiuno ngati opita kondewu, n'kutenga padi. Gemu sankaidziwa, koma kukankhira kandodo kutsogolo sikufuna sukulu. Mnyamata uja anakwera pamlatho. Kachitoliro kanaleka, kumwamba kunada, chinjoka chinatsika, ndipo Mayi Chipande anathamanga n'kuima kutsogolo kwa mnyamatayo, moto wonse n'kuthera pa iye. Chipande chinagwa pansi. Mawu ake omaliza anali oti usaiwale kudya.

Amake Tatu anayamba ndi kuseka, ati watha, tione ngati aphikenso. Koma panayamba nyimbo ina yapansipansi, yokoka ngati taarabu, ndipo sinkatha. Kuseka kuja kunazilala. Anandifunsa kuti amabweza bwanji, ine n'kuwauza zimene ndinamva kwa Kibwana, kuti gemu imeneyi imadzisungira yokha pamene wafika, kubwerera kulibe. Tchipisi changa chinapserera tsiku limenelo.

A Shomari anafika ndi mkanjo wawo woyera, n'kuyang'ana TV nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Anakhala pampando wawo n'kunena kuti achemwali awo a Chausiku, amene anawalera mayi atamwalira, ankawafunsa chimodzimodzi pa foni nthawi imene bambowa ankagwira ntchito ku Mwanza. Moni kunalibe, kunali "wadya?" basi. Atamva kuti achemwaliwo akudwala, a Shomari anati apita malipiro akatuluka, ndipo anafika atawaika kale.

"Nanga bwanji simunanene, bambo a Tatu?" anafunsa akazi awo.

"Munthu wa imvi ngati ine ndinene kuti achemwali anga ali mu TV?"

Kibwana, mwa chizolowezi chake, anaifalitsa nkhaniyo theka. Pofika madzulo mikeka inali itayalidwa, anthu akubwera kudzapepesa maliro a kwa Shomari. Ena ankadziwa n'kumaluma milomo, ena sankadziwa. Agogo ena a mumsewu wachiwiri analira kuchokera pakona mpaka pakhonde, ndipo atafunsa kuti thupi lili kuti, anawalozera TV. Anatitukwana tonse mpaka makolo athu, koma mpunga wa pilawu anadya, n'kupemphanso wa m'pepala. Anyamata a bajaji anazimitsa singeli tsiku lonse, ndipo a Shomari anati pa maliro onsewo chabwino chinali chimenecho.

Kibwana anawauza kuti angoyambiranso gemuyo, mayiyo akamupezanso wamoyo. Anakana, ati ameneyo akhala wina, sakundidziwa. Anafunditsa TV kanga n'kubwerera ku mafani awo. Anasiya ngakhale kunyoza tiyi wa anthu, ndipo pakhonde pathu panakhala ngati pa ofesi. Ine zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Amene anavundukula kanga ija ndi amake Tatu. Anayambiranso okha kuchokera pachiyambi, ndipo kasewero kawo kanali kena. Ankalowa m'nyumba iliyonse ngati apolisi, kuswa miphika yonse, kukokolola mabokosi mpaka a amasiye. A Shomari ankanamizira kuti sakuona, koma tsiku lina zinawakanika.

"M'nyumba za eni zimenezo, amake Tatu."

"Tili pachangu, konzani fani yanu."

Sizinatenge nthawi, kachitoliro kaja kanamvekanso pakhonde. Mnyamata wa lupanga, tsopano atavala zagolide zakuba zokhazokha, anaima pamtsinje, mayi wa mpango wofiira ali pambali pake. Pamenepo changu cha amake Tatu chinathera pomwepo. Kibwana atawauza kuti ndi lupanga limenelo chinjoka sichingalimbe, angowoloka, anamuuza kuti akadzangoyandikira padiyo adzayendetsa bajaji ndi dzanja limodzi. Masiku ano akamapita kumsika, padi amaitsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pakona ya kanga.

Dzulo masana amake Tatu anadina batani, mayi uja n'kutembenuka, n'kufunsa funso lake lija. A Shomari anali atawerama pa fani ya munthu, ndipo sanadzutse mutu.

"Sindinadye, achemwali," anayankha chapansipansi.

Amake Tatu anaika padi pansi n'kundikodola kuti ndiwakazingire amuna awo tchipisi cha mazira awiri, tsabola wambiri.