Mbale ya Nabanda Sindinaione

Ntchitoyo ndinaipeza pamtengo. Chipepala anachikhoma pa mkuyu wa pamsika ku Mvera, kuti bungwe lina likufuna anthu a Folomu 4 odziwa kugwira tabuleti, okayenda m'midzi miyezi isanu. Ine ndinali nditangochotsedwa kumene pa ntchito yolemba mabelo a fodya chifukwa chogwira kapitawo pakhosi. Akazi anga anali atapita kwawo ndi ana omwe. Panalibe wonditsanzika, panalibenso wondiletsa.

Bungwelo linkafufuza chinthu chomwe mwamuna ngati ine sindinachiganizirepo: mafupa a amayi amene anasiya msambo. Pamaphunziro anatiuza kuti mayi akafika pamenepo mafupa amayamba kufumbwa m'kati ngati chimanga cha m'nkhokwe, kunja kukuoneka bwinobwino. Ankafuna kudziwa ngati mafuta amene mayi amadya ali ndi gawo pamenepa: a m'nsinjiro, a mapeyala, a nsomba, a m'botolo, ndi a zokazinga zapachiwaya. Mayi amene apezeke kuti sadya mafuta ndi nsomba, msinkhu n'kumabwerera pansi, dzina lake lipite pamndandanda wokaonana ndi dokotala.

Anandipatsa sikelo yopondapo, thabwa loyezera msinkhu, kasikelo ka magalamu, sirinji yopanda singano yopopera mafuta, ndi tabuleti ndi kasola kake kotchajira. Otiyang'anira, Mayi Gondwe, anatiuza mawu amodzi katatu konse: "Musafunse zimene zalowa mumphika. Funsani zimene zafika m'mbale ya mayiyo." Mumtima ndinati, mayi wa m'tauni uyu akufuna kundiphunzitsa midzi ine?

Ananditaya m'mudzi wina kumapiri, njira yolowera ku Ntchisi. Netiweki inkagwira pamwala umodzi wokha, kuseri kwa tchalitchi. Lamulungu lililonse ndinkakhala pamenepo kutumiza mafomu ndi kuimbira akazi anga. Foni inkaitana mpaka kudula yokha. Amuna a m'mudzimo sankandifuna pabawo. Munthu wamwamuna woyenda n'kumafunsa akazi a eni za msambo ndi za ndiwo? Anandipatsa dzina lakuti Bambo Miphika.

Amayiwonso ankandiotcha mtima. "Dzulo munadya chiyani?" "Nkhwani." "Mafuta munathira angati?" "Pang'ono." Pang'ono salowa mu tabuleti! Tsiku lina ndinakalipira mayi wina mpaka anathawira m'nyumba. Ndiye ndinapeza njira yachidule. Ndinkaitanitsa mafuta oyeza a m'kapulasitiki amene agula, kuwapopa ndi sirinji, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu a pakhomopo. Basi, fomu yatha. Ndinkamaliza nyumba zambiri kuposa anzanga onse a m'madera ena, ndipo ndinkadzimva.

Ndinkagona kwa a Kamwendo, bambo wosalankhulalankhula. Akazi awo, Nabanda, anali mayi wochepa thupi, wa zaka za m'ma sikisite, ndipo ndi okhawo amene ankandifunsa ngati ndadzuka bwino. Ine ndi a Kamwendo tinkadyera pakhonde, iwo ndi mwana wawo wamkazi kuseri kukhitchini, monga zimakhalira kulikonse. Ndiwo zinkabwera zonyezimira: usipa wokazinga, dzira, mpiru wotendera. Fomu ya Nabanda sindinavutike n'kuwafunsa komwe. Ndidya pomwepo, ndifunsenso chiyani? Ndinalemba kuti amadya mafuta okwanira, nsomba kawirikawiri. Nditawaimika pathabwa anaseka n'kunena kuti kale ankawerama polowa m'khitchini, tsopano amangolowa chilili. Ndinati, "Imani mowongoka, mayi, nthawi ikutha."

Tsiku limene Nabanda anagwa linali la mu Juni, mwera ukuwomba. Sanagwe m'phiri, sanagwe ku dimba. Anapunthwa pabwalo lawo lomwe, lichero lili m'manja, n'kukhala pansi chammbali. Ndinamva kulira kochepa ngati kwa mwana wa mbuzi. Nditafika, phazi linali litapendekera kunja, mwendo utafupika. Tinawakweza pangolo, titayala matiresi anga, mpaka kumsewu. Pabampu paliponse ankaluma nsalu.

Tisananyamuke anandituma kukatenga mbale ndi kapu yawo, poti kuchipatala munthu amapita ndi zake. Kanali koyamba kulowa m'khitchinimo, miyezi itatu ndili pakhomopo. Mbale ndinaipeza yovundikira, muli ndiwo zimene anasungira m'mawa. Masamba, madzi, mchere. Ngakhale kadiso kamodzi ka mafuta.

"Mafuta aja ali kuti?" ndinafunsa mwana wawo.

"Si a inu ndi ababa? Amayi amaphika miphika iwiri. Amati munthu wamkulu mafuta amamubweretsera BP."

"Nanga usipa? Nsinjiro?"

Yankho linali m'mimba mwanga: zonsezo tinkadya ife pakhonde.

Kuchipatala dokotala anakweza chithunzi cha fupa pazenera. "Taonani kupyapyala kwake," anatero. "Sindikunena kuti mafuta okha akanalipulumutsa, ukalamba nawo ulipo. Koma mavitamini ena ofunika ku mafupa thupi siliwatenga bwino popanda mafuta pang'ono. Usipa wodyera ndi minga yomwe, nsinjiro, peyala, si za ana okha ayi." Ataona baji yanga ya bungwe lija anafunsa, "Mayi awa bwanji sanabwere pamndandanda wanu uja?"



Ndinatuluka panja n'kuimbira Mayi Gondwe. Ndinanena zonse, osakometsa. "Mafomu angati mwalemba chonchi?" anafunsa. Ndinati onse. Iwo anati, "Yambiraninso. Nyumba ndi nyumba."

Ndinayambiranso. Ndinkafika nthawi ya chakudya chamasana, n'kupempha kukhala kuseri kukhitchini pakampando, kasikelo pamiyendo, kuyeza chimene chatsalira mayi atagawira mwamuna, ana ndi zidzukulu. Amuna anaseka mpaka anatopa. Mndandanda unatalika, ndipo mayi uja ndinamukalipira analipo.

Nabanda anabwerako patapita milungu yambiri, ali ndi ndodo. Ku dimba kwawo sanatsikirekonso. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Munandifunsa, a Mbewe?" anatero. "Nanganso mlendo n'kumuikira masamba amadzi? Mudzi ukanandiseka."

Pa ntchito imeneyi ndinatengapo chimodzi, ndipo sindichitaya: chimene banja laphika si chimene mayi wadya, ndipo pakhonde sungachione.

Tsiku lomaliza ndinakana kudyera pakhonde. Ndinanyamula mbale yanga n'kupita kuseri. Munali dzira lokazinga. Ndinaliika m'mbale ya Nabanda, iwo n'kulibweza. Ndinaliikanso, n'kulibwezanso.

"Idyani dzira ili, mayi!" ndinakuwa, mpaka nkhuku zinabalalika ndipo a Kamwendo anasuzumira pangodya.

Nabanda anadya pang'onopang'ono, akundiyang'ana ngati wamisala. M'moyo wanga wonse, ukali wanga unagwira ntchito tsiku limenelo lokha.