Tsiku lomwe tinawatsekera alamu bwalo

Ndinanyamuka pa Jenda Loweruka sikisi koloko m'mawa, mu minibasi yodzaza matumba a chimanga. Ndinkapita ku Mzimba boma kukaonerera alamu anga, a Mhango, akuulutsa kandege kopanga okha. Iwowa ndi makaniko wa makina ochekera matabwa ku Chikangawa, ndipo kandegeko anakalumikizira kuseri kwa nyumba: mpando umodzi, injini ya galimoto kumbuyo, mapiko awiri ataliatali ozungulira pamwamba. Mkazi wawo, mlongo wanga, anakana kubwera. Pa foni anangoti, "Achimwene, ine ndikuopa. Mukawayang'anire."

Mayi amene ndinakhala nawo pampando atamva za ulendo wangawu anaseka mpaka misozi. "Ndege ya kuseri kwa nyumba? Mbwenu bokosi mwagula kale?" Ndinaseka nawo, koma nkhawa inandigwira.

Cha m'ma naini ndinatsika pa boma, ndinadya tchipisi pa chiwaya, n'kukwera kabaza mpaka pabwalo lina la mpira kunja kwa tauni. Ndinawapeza alamu akuthira petulo.

"Injini ikazima musaope, alamu," anandiuza. "Mapikowa amazungulira ndi mphepo, ndimatsika bwinobwino. Chachikulu bwaloli likhale lopanda munthu."

Itakwana leveni kandege kanathamanga, kanadumphadumpha, n'kunyamuka. Abale inu! Tonse amene tinali m'mbali tinakhamukira pakati pa bwalo monga timachitira chigoli chikalowa, amayi akululutira, ena akuvina. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndinali patsogolo.

Kenaka injini inatsokomola kawiri, basi zii. Kandege kanatembenuka kulunjika pabwalo, kakutsika. Ife tinangoima, kukamwa yasa. Katayandikira kanakhotera kumanzere n'kukatera m'munda. Matayala anakodwa m'mizere ndipo kanagubuduzika.

Alamu tinawanyamulira pa lole ya matabwa kupita kuchipatala atakomoka, mwendo utathyoka pawiri. Cha m'ma folo atatsitsimuka ndinawafunsa chifukwa chomwe anasiyira bwalo losalala n'kusankha mizere.

"Ndikanatera pa ndani?" anatero motsitsa mawu. "Ndinakuonani, alamu. Munali pakati penipeni, mukundibayibitsa."

Ndinachita manyazi osaneneka. Ndinakwera minibasi yobwerera ku Jenda. Ndinkangoganiza kuti tonsefe tinathamangira pabwalopo chifukwa chowanyadira, palibe ndi mmodzi yemwe anawafunira zoipa. Mpaka lero alamu amayenda motsimphina, ndipo ku Chikangawa amati inawapweteka ndi injini. Akamatero ine ndimangokhala chete, chifukwa ndikudziwa pomwe ndinaima.