Maswiti a Lachisanu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, amene ankasesa pa bibliyoteka, nyumba yowerengeramo mabuku, ya ana ku Mandimba. Atamva kuti pakufunika wodziwa Chipwitikizi ndi Chinyanja, anatchula ine. Ndinkakuta mabuku ndi pulasitiki, kumata masamba othothoka ndi guluu, ndi kudinda chidindo mkati mwa chikuto. Lachisanu masana ndinkawerengera ana: ndime imodzi m'Chipwitikizi, kenako n'kuimasulira pakamwa.

Abwana anga, Dona Felizarda, anali a ku Maputo. Anasankha buku lonena za mnyamata amene anatola botolo la maswiti amatsenga, ofiira omuulutsa, obiriwira omubisa kuti asaoneke. Analamulanso kuti mutu uliwonse ukatha ndizigawira anawo maswiti. Ine wokulira ku Mandimba komweko ndinkadziwa zimene anthu amaganiza za mlendo wodyetsa ana a eni, ndipo ndinawauza. Anaseka, nati, "Gawani basi."

Rabeka, wa kalasi yachinayi, ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Tsiku limene mutu unathera mnyamatayo ali m'mitambo, iye anakagona nayo nkhaniyo. M'mawa mwake pamjigo anauza amayi onse mokondwa kuti anadya switi yofiira, nauluka mpaka ku Cuamba, naona sitima ili pansi.

Lolemba bambo ake anafika pa njinga yawo yonyamulira anthu. Sanakalipe.

"Aphunzitsi, mwana wanga munamudyetsa chiyani?"

Ndinawaonetsa paketi, yomweyi ya pamsika, n'kuwawerengera mutu wonsewo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ine ndamva, anali maloto," anatero. "Koma wanenera pamjigo. Anzake ayamba kumuthawa. Kuno sabweranso."

Dona Felizarda anati umenewo ndi umbuli. Ine ndinangoona bambo woopa kuti mwana wake atchedwa mfiti, ndipo zinandiwawa. Maswiti tinasiya, buku tinalimaliza popanda Rabeka.

Patapita miyezi ndinamupeza pamsika akugulitsa nthochi ndi amayi ake. Anadikira kuti iwo acheukire kwina, nanong'ona: "Aphunzitsi, mnyamata uja anatera?"

Ndinamuuza kuti anatera bwinobwino, pakhomo pa kwawo. Anangogwedeza mutu, n'kubwerera ku nthochi zake.

Ndidakali pantchito ya mabuku, tsopano ku Cuamba. Ndisanawerengere ana buku, ndimayamba ndalingalira mmene likamvekere pamjigo, chifukwa kumeneko mwana amakhala yekha, ine kulibe.