Sindinayeze mapaipi m'chipinda cha apongozi

Ndine mmisiri wa mafiriji ndi maeyakoni, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zokwanira moti sindinganamizire umbuli. Zimene ndikufuna kukuuzani inu owerenga ndinazichita ndikudziwa. Ndinadumpha mbali ziwiri za ntchito zimene sizidumphidwa, ndipo amene anavutika nazo ndi mayi amene anandiberekera mkazi. Dzina langa ndilibisa, koma cholakwacho sindichibisanso, chifukwa kubisako n'kumene kunandifikitsa pamene ndili lero.

Ine ndimakhala ku Area 23, apongozi anga ku Chilinde. Ndi anthu a ku Dowa, akhala m'tauni muno zaka zambirimbiri, koma mwambo wawo sanausiye padepoti. Chikwatirireni mwana wawo, apongozi aakazi sindinakhalepo nawo mpando umodzi. Moni tinkapatsana iwo ali kukhitchini ine ndili pakhonde, maso pansi. Za kuchipinda kwawo ndiye musanene n'komwe, mkamwini sapondako.

Chaka chimenecho mayiwo anadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Atakhala m'chipatala milungu ingapo, madokotala anati akhoza kukasamalidwa kunyumba, koma anachenjeza kuti munthu wogona malo amodzi amachita zilonda kumsana ndi m'chiuno, makamaka akamatuluka thukuta. Chipinda chawo chinayang'ana kumadzulo, dzuwa lonse la masana limathera momwemo. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni atamva zimenezi anatumiza eyakoni yatsopano pabasi, ili m'katoni. Za woika panalibe kufunsana. Apongozi aamuna anangoti, "Injiniya tili naye pakhomo pano, tivutikirenji?"

Mawu amenewo anandikomera. Munthu amene wakhala akuonedwa ngati wongokonza mafiriji a m'mabala, akatchedwa injiniya pamaso pa akuchikazi, mapewa amakwera okha.

Ndinali ndi masiku awiri mayi asanatuluke m'chipatala, ndipo imeneyo inali nthawi yokhayo imene ndikanaloledwa kulowa m'chipindamo. Tsiku loyamba ndinaboola khoma, ndinapachika makina amkati moyang'anizana ndi bedi, akunja ndinawakhazika kuseri kwa nyumba. Ndinalangizanso kuti timabowo tolowera mpweya ta pamwamba pa zenera atitseke ndi simenti, zeneralo alimate m'mbali kuti kuzizira kusamathawe. Anachita zonse monga ndinanenera, poti wanena ndi injiniya.

Tsiku lachiwiri linali lolumikiza mapaipi. Inu amene si a ntchitoyi mundilole ndifotokoze pang'ono. Makina amkati ndi akunja amalumikizidwa ndi mapaipi awiri a kopa mmene mumayenda gasi woziziritsa. Polumikiza pali panayi, pawiri kunja, pawiri mkati kuseri kwa makina, ndipo paliponse pamamangidwa ndi nati. Ukamanga suthamangira kutsegula gasi. Umayamba wapopera naitrojeni m'mapaipimo, n'kuika chizindikiro pamene paima muvi wa geji, n'kudikira. Muvi ukatsika ndiye kuti penapake pakutaya, ndipo umapapeza popaka thovu la sopo. Ukakhutira kuti palibe potaya, umatulutsa naitrojeniyo n'kulumikiza pampu ya vakyumu kuti ikoke mpweya ndi chinyontho chonse chotsalira, chifukwa chinyontho chikasakanikirana ndi gasi ndi oilo chimadya kompuresa, injini yopopa gasi ya m'makina akunja, pang'onopang'ono. Ukatero ndi pamene umatsegula gasi. Zonsezi ndimazidziwa ngati dzina langa.

Koma m'mawa umenewo botolo la naitrojeni ndinalisiya kunyumba. Ndi lolemera, ndipo wakabaza anali atayamba kale kudandaula za katundu. Ndinati ndilibwerera masana. Nditafika ku Chilinde ndinapeza magetsi azima, kutanthauza kuti pampu ya vakyumu ija inali chitsulo chabe. Ndinamanga manati anayi aja n'kukhala pakhonde kudikira magetsi, za botolo ndikuti ndiona magetsi akayaka. Cha m'ma 2 koloko mkazi wanga anaimba foni kuti mayi atulutsidwa, galimoto yanyamuka kale.

Apongozi aamuna anandifunsa kuti, "Zatheka, akamwini?" Apa ndi pamene ndikanati ayi, mayi ayambe agona pabalaza lero lokha, mawa ndimalize. Koma anthu a kutchalitchi anali atayamba kusonkhana pabwalo kudzalandira wodwala, ndipo ena anali atandigwira kale chanza kundithokoza. Ndinati zatheka.

Ndinazungulira kuseri n'kuchita zimene amisiri aulesi amachita. Ndinatsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya wa m'mapaipi, kunamveka fyii, ndinamanga, n'kutsegula mavavu onse otsekera gasi. Ndinadziuza kuti anzanga amatero tsiku ndi tsiku ndipo zimawayendera. Ndinakulunga mapaipi, ndinasesa, ndinatuluka. Posakhalitsa anawalowetsa mayi atawanyamula pamatiresi, ndipo chitseko chija kwa ine chinatsekeka. Magetsi atayaka, mkazi wanga anandiuza kuti m'chipindamo mukuzizira bwino zedi, mayi apeza tulo. Mtima unakhala pansi. Umo munali mu Ogasiti.

Patatha milungu itatu mkazi wanga anabwera kuchokera ku Chilinde, kumene ankapita tsiku lililonse kukasamala mayi ake, n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, makina aja akungopemerera, sakuziziritsa ngati kale." Ndinapita ndi mageji n'kupeza kuti gasi wachepa. Dziwani kuti eyakoni simadya gasi monga galimoto imadyera petulo. Akachepa ndiye kuti akutuluka penapake. Ndinapaka sopo pa manati awiri akunja, ndikupemphera chamumtima kuti thovu lifufume. Silinafufume. Ndinapakanso, zii. Pamenepo ndinadziwa kuti potaya pali mkati, m'chipinda cha apongozi, mmene ine sindingaponde.

Ndinathira gasi wina n'kuuza apongozi aamuna kuti makina atsopano amafuna kuwonjezera koyambirira. Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo anandithokoza nalo.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unamangika pa makina amenewo. Poyamba ndinkapita pakatha milungu iwiri, kenako masiku khumi, kenako sabata iliyonse. Botolo la gasi silinkachoka m'chikwama. Mkazi wanga akandiimbira foni ndili pantchito, ndinkadziwiratu kuti ndi za makina aja ndisanayankhe n'komwe. Ndinkafika kuseri kwa nyumba ija, kugwada pa makina, ndipo kupyola khoma ndinkamva mayi akubuula. Pakati pa ine ndi nati imene ndinkafuna panali njerwa imodzi yokha.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sunaitane mmisiri wina, popeza mlendo akanalowa monga amalowera anamwino? Ndinaganiza zimenezo kangapo. Koma funso lake loyamba likanakhala lakuti woikayo anayeza ndi naitrojeni kapena ayi, ndipo akanafunsa apongozi ali pomwepo. Amisiri a mu Lilongwe timadziwana, nkhani ikanafika ku Biwi ndi ku Nsungwi dzuwa lisanalowe. Kupempha kuti awatulutse mayi kwa ola limodzi kunkafunanso kufotokoza chifukwa chake. Kulikonse kumene ndinkatembenukira ndinkakumana ndi mawu amodzimodzi akuti ndinalakwitsa, ndipo mawu amenewo ndi amene ndinkawathawa. Ku mwambo ndinkangobisalako, poti unali pondikwana bwino. Chowawa china, apongozi aamuna ankandinyadira kwa anzawo kuti mkamwini wawo satha sabata osabwera kudzaona makina a amayi ake.

Tsiku lina mkazi wanga akupinda zovala anati, "Amayi akumangoloza pamakina paja ndi dzanja lamanzere, akuyesetsa kuyankhula koma sizikumveka. Kaya akufuna chiyani." Inu owerenga, gasi akamataya amatuluka ndi oilo, ndipo oiloyo amadetsa khoma. Ndinadziwa chimene ankaloza. Ndinayankha kuti mwina akuthokoza achimwene anu amene anatumiza makinawo. Pa mabodza onse amene ndinanena, limeneli ndi limene limandisowetsa mtendere mpaka lero.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Gasi amene ndinkathira Lolemba, pofika Lachinayi ankakhala atatha mphamvu. A kunyumbako ankachita manyazi kumangondiitana, choncho ankapirira masiku awiri kapena atatu, mayi ali m'chipinda chimene ine ndemwe ndinatseketsa mabowo ake. Mkazi wanga ankabwera ndi nsalu zoyala zonyowa ndi thukuta. Anandiuza za pamalo pofiira m'chiuno mwa mayi. Sabata yotsatira anandiuza kuti paja paphulika. Ndinkamva zonsezi ndikudya chakudya chophika iye.

Lamlungu lina kumapeto kwa mweziwo makina akunja anangolira n'kuzima. Kompuresa inapsa, poti inagwira ntchito miyezi iwiri ndi gasi wochepa, oilo wochepa ndi chinyontho chimene sindinachikoke. Apongozi aamuna anamukalipira mwana wawo pafoni kuti anatumiza chinthu chakutha, ine ndili chiimire pomwepo, osamuikira kumbuyo mlamu wangayo. Zenera lomata lija anachita kulitsegula ndi tchizulo. Koma chilonda chinali chitalowa kale. Patatha masiku ochepa thupi la mayi linatentha kwambiri, anabwerera nawo kuchipatala.

M'mawa mwake apongozi aamuna anandiitana. "Poti m'chipindamo mulibe munthu, lowani mukaone, kuti akamabwera adzapeze zili bwino." Ulendo uno botolo la naitrojeni silinandilemere.

Nditalowa ndinaona mzere wakuda pakhoma, oilo wogwira fumbi, wochokera pansi pa makina kutsika mpaka pakati pa khoma. A m'nyumbamo ankauyesa madzi. Ndinaima kumutu kwa bedi n'kuona kuti munthu wogona papilo paja maso ake amagwera pa mzere womwewo. Miyezi iwiri mayi ankauyang'ana ukutalika. Ndinapopera naitrojeni, ndinavundukula mapaipi, ndinapaka sopo. Thovu linafufuma ndisanachotse dzanja. Kukamwa kwa paipi yaing'ono kunang'aluka pansi pa nati, chifukwa ndinamanga mopitirira muyeso. Kupeza pamenepo sikunanditengere mphindi zisanu.

Apongozi aamuna anali pakhomo la chipinda akuyang'ana thovu lija. Ndinatsika pamakwerero, ndinanjuta pansi n'kuwauza zonse, kuyambira botolo limene ndinasiya kunyumba mpaka mabodza a sabata ndi sabata. Ndinawauzanso kuti mwana wawo wa ku Joni alibe mlandu.

"Ndiye kuti mumadziwa nthawi yonseyi?"

"Ndimadziwa, bambo."

Anacheuka kuyang'ana pabalaza, kenako anayang'ana bedi. "Kuchoka apa kufika pabalaza ndi mapazi angati, akamwini? Tikanawanyamula. Mukanangonena." Sanakalipe, sanatukwane. Anatenga chipewa chawo n'kupita kuchipatala.

Ndinasintha kompuresa, ndinadula paipi ija n'kuikonzanso. Naitrojeni ndinaisiya m'mapaipi tsiku lathunthu, muvi wa geji sunasunthe ngakhale pang'ono. Pampu ya vakyumu ndinaisiya ikulira mpaka aneba anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndinachita ntchito yabwino koposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo chipinda chinazizira kudikira mwini wake. Mayi sanabwere. Anamwalirira m'chipatala sabata yachiwiri. Madokotala anati chilonda chinawononga magazi, kuphatikiza ndi matenda awo akale. Sindinganene kuti ndine ndinawapha, komanso palibe amene angandiuze kuti ndilibe mbali. Mkazi wanga ndinamuuza ndekha maliro atatha. Tidakali limodzi, koma funso limodzi lokha limene anandifunsa, ngati ndinkadziwa chimene amayi ake ankaloza, sindinathe kuliyankha ndikumuyang'ana.

Amisiri anzanga, ndikupempheni. Musamatsegule gasi musanayeze mapaipi ndi naitrojeni, ndipo musamamutsegule musanakoke mpweya ndi pampu. Magetsi akazima dikirani, mwini nyumba akakufulumizitsani muuzeni kuti ntchito sinathe. Adzakwiya tsiku limodzi basi. Inunso amene mukuikitsa makinawa, funsani kuti akuonetseni geji, ndipo mmisiri akamabwera kawirikawiri kudzawonjezera gasi musamuyamikire, mufunseni kumene gasiyo akupita. Koma chachikulu, kaya ntchito yanu ndi yotani, mukalakwitsa nenani tsiku lomwelo, makamaka kwa anthu amene amakukhulupirirani. Ine ndinaopa manyazi a ola limodzi, ndipo munthu amene sankatha kudzinenera ndi amene anasenza zotsatira zake.

Eyakoni ija ikugwirabe ntchito, chikonzereni sinafunepo gasi. Mzere wa oilo uja ndinapempha kuti ndiupente, apongozi aamuna anati ndiusiye. Masiku ano ndikapita ku Chilinde kukatsuka makinawo palibenso wondiletsa, m'chipinda muja ndimalowa nthawi ina iliyonse.