Amene Ananyamula Ndowa Yanga

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, tsiku lachitatu chimwalirire mwamuna wanga. Ndinali pa matiresi m'nyumba ya maliro ku Kabwata pamene apolisi awiri anagogoda pa chitseko chimene chinali chotsegula kale.

"Nindani mukazi wa malemu? Tiyeni, amai. Tizakamba chabe mau yabili, muzabwela."

Mlandu wanga unali zimene ndinayankhula dzulo lake. Mwamuna wanga ankadwala shuga. Mtsogoleri wa mpingo wathu, amene tonse tinkawatcha Atate, anamuuza kuti mapiritsi ndi a anthu opanda chikhulupiriro, azimwa madzi opempherera basi. Anasiya mankhwala. Masiku onse amene anagona m'chipatala, Atate sanapondeko. Anabwera ku maliro kuchokera kwawo ku Kabulonga, dera la anthu olemera, madikoni awiri ali patsogolo atanyamula mpando wawo wofiira. Ndinawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Atate, munali kuti? Munthuyu wafa ndi mawu anu." Wina anajambula pa foni, zinafalikira, ndipo Atate anakandisumira.

Ku polisi anandivula nsapato ndi chitambala. Wapolisi wina anaika pa tebulo pepala la Chingerezi.

"Mwaipisa zina ya munthu wa Mulungu. Apa palemba kuti munanama, chisoni chinakusokonezani mutu. Dindani chala, muyende mukaike amuna anu."

Mwambo woika maliro unali Loweruka, teni koloko. Ndinakana kudinda.

M'selo tinalimo akazi khumi ndi atatu, ndi ndowa imodzi yodzithandiziramo pakona. Lamulo la m'menemo linali lakuti wobwera kumene agone pafupi ndi ndowayo, kukacha akaitaye. Woyang'anira lamulolo anali mkaidi mnzathu, mayi wogulitsa nsomba ku Chilenje amene anamenyana ndi mnzake pa msika. Onse ankawatcha ba Kapitawo.

"Iwe watsopano, mulandu?"

Ndinafotokoza. Anayang'ana chitenje changa chakuda.

"Sanaike?"

"Loweruka."

"Mwamvela, imwe? Uyu ni mfedwa. Sagwila nchito mpaka aike."

Mkazi wina anang'ung'udza. "Ba Kapitawo, lamulo ni lamulo."

"Ndiye unyamule iwe, na vikhadabo vako vogula ivo?"

Onse anaseka. Ba Kapitawo anandipatsa malo awo a pachitseko, polowera mpweya, iwo n'kukagona pakona paja. Kutacha ananyamula ndowa okha.

Lachisanu masana anabwera alamu anga. Tinayankhulana pa kawindo. Anati manda akumba kale, abale ochokera ku Chipata sangadikirenso. "Dindani chabe, alamu. Mulungu adziwa zoona."

Ndinabwerera m'selo. Zaka makumi atatu ndinakhala ndi munthu ameneyo. Ndinkafuna kungoona nkhope yake asanatseke bokosi. Ndinafunsa ba Kapitawo chochita.

"Nikakusankhila, uzanizonda mpaka kufa," anatero. "Mwamuna ni wako, chala ni chako. Udinde, usadinde, malo yako ni yamene aya."

Ndinadinda folo koloko. Ndikunena izi monga zinachitikira: ndinavomera kuti ndinanama, pamene sindinaname. Atatenga pepala, wapolisi uja anati bwana wosaina zotulutsa anthu waweruka kale.

Loweruka ndinaima pachitseko kuyambira sikisi koloko. Nthawi iliyonse ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Bwana akalibe kubwela." Itakwana teni, ba Kapitawo anauza onse kuti akhale pansi. Anandifunsa nyimbo imene malemu ankaikonda, ndipo anaiyamba okha, ngakhale mawu ake sankawadziwa bwino. Wapolisi anamenya chitseko kuti tikhale chete. Iwo anayankha kuti, "Tili pa malilo, bwana," n'kupitiriza. Ine sindinathe kuimba.

Ananditulutsa itangopitirira thu koloko. Kunyumba ndinapeza anthu akusamba m'manja pa geti, atabwerako ku manda. Anandiuza kuti Atate analalika bwino, ndipo anawerenga pepala langa pamaso pa onse. Inki inakhala pa chala changa masiku anayi.

Sukulu ndinalekeza giredi folo. Baibulo ankandiwerengera ndi mwamuna wanga, ndipo ankakonda pamene Ambuye anagwada kusambitsa mapazi a ophunzira awo. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya pa Isitala chabe. Tsopano ndikamva wina akutchedwa mtsogoleri, ndimafuna kudziwa pamene iyeyo amagona anthu ake akakhala pa mavuto, ndi chimene amanyamula. Ndili mfulu, koma chala ichi ndikachiona sindimva ufulu wonse.

Ba Kapitawo anawatengera ku khoti sabata yotsatira. Dzina lawo lenileni sindinalifunse. Ku mpingo uja sindinabwererenso. Lachinayi lililonse ndimaphika nyemba ndi mpunga n'kupita nazo ku polisi komwe kuja. Ndimapempha kuti ayambe kudya ndi amene wagona pafupi ndi ndowa.