Chilungulira cha Pemphero

Ndikakumbukira a Namakhwa, mayi wa khomo loyandikana ndi lathu ku nyumba za antchito a pa esiteti, ndimamva fungo la tiyi wamuwisi lomwe linakanirira m'zala zawo zothimbirira, losakanikirana ndi utsi wa bulugama wochokera ku fakitale. Anali aukali, osaseka wambawamba, koma pa mzere wonse wa nyumba zija ndi iwo okha amene ankayamba ayang'ana asanatsegule pakamwa.

Mlongo wanga Pemphero ali ndi miyezi inayi ankalira mopinda msana, kutsokomola, mawu ali osasa, bere n'kumalikana. Sankasanza. Kusikelo sankakwera. Azakhali anabwera kuchokera ku Masambanjati, n'kumuyang'ana kamodzi kokha, kenako n'kutembenukira kwa bambo.

"Ndi tsempho basi. Achimwene, afunseni akazi anuwa kumene amayenda."

Amati tsempho imagwira mwana kholo likachita chigololo, ndipo kholo lake limakhala mayi nthawi zonse. Bambo anaponya zovala za amayi panja dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Munthu wothyola tiyi kuyambira m'mamawa mpaka msana kuuma, nthawi ya chibwenzi akanaitenga kuti?

A Namakhwa anatula dengu n'kulanda mwanayo. Ananunkhiza m'kamwa mwake, n'kuyang'anitsitsa pakhosi, mwanayo akumeza pafupipafupi.

"Mwakumva kuwawasaku? Mkaka ukubwerera, iye n'kumaumezanso, ukumuotcha. Ndi chilungulira ichi, chomwe chija inu abambo mumadandaula mukakhuta mbatata. Kapena inunso anakutsemphani?"

Anthu anaseka. Bambo anayang'ana pansi.

Amayi anafotokoza kuti kumunda kapitawo sankalola kupuma nthawi yaitali, choncho mwanayo ankamukhutitsa bere msangamsanga n'kumugoneka pomwepo, kuthamangira dengu.

"Muzimuyamwitsa pang'onopang'ono, koma kawirikawiri," anatero a Namakhwa. "Akatha, paphewa, ali chilili, mpaka ageye. Mawa kuchipatala, anamwino akamuone."

Anamwino ananenanso zomwezo. Kuyambira pamenepo a Namakhwa ankasiya mzere wawo wa tiyi kukamuika Pemphero paphewa, kapitawo akulalata, iwo osacheuka n'komwe. Patapita milungu ingapo mwana anayamba kunenepa, ndipo za kuthamangitsa amayi sizinatchulidwenso.

Bambo sanapepese. Azakhali mpaka lero amauza anthu kuti mwanayo anachira chifukwa amayi analapa.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, za udokotala sindidziwa. Koma zovala zija ndinatola ndine m'fumbi, chimodzichimodzi. Ndiye lero ndikamva wina akuti tsempho, sindifunsa kuti mwana ndi wa yani. Ndimamunyamula, n'kumununkhiza m'kamwa, munthu asanakhudze zovala za mayi ake.