Nkhoswe Yopanda Foni

Ndikawakumbuka agogo a Yotamu, chimayamba kundifika ndi fungo la girizi wa ngolo losakanikirana ndi la ndowe za m'khola, kenako kulira kwa matayala akale pa msewu wafumbi wopita ku Nsaru, iwo ali chiimire pangolopo, chikwapu chili m'manja koma osamenya nacho, akungoitana ng'ombe zawo ziwiri mayina ngati ana ochedwa kusukulu. Anali malume a amayi anga, ndipo ndiwo anali nkhoswe ya banja la makolo anga. Ntchito yawo inali yonyamulira anthu chimanga, njerwa ndi mabelo a fodya. Foni analibe, sanaifunepo, ndipo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda sanaigunditsepo kukhutu kwawo.

Musaganize kuti zinkawayendera bwino. Anyamata a ngolo omwe anali ndi mafoni ankawalanda makasitomala iwo akuona. Kwa anyamatawo munthu ankangoimba, ngolo yafika pakhomo, pomwe kuti upeze agogo unkayenera kuyenda wekha mpaka kukhola kwawo, n'kudikira amalize kumwetsa ng'ombe. Anthu akawanena, iwo ankangoti, "Wa katundu wolemera abwera. Wa katundu wopepuka asenze yekha." Anali ouma mutu kwabasi, ndipo ine ndinkawaopa kuposa kuwakonda.

Kwathu foni inalipo. Bambo anawasiyira amayi popita ku tauni kukagwira ntchito ya ulonda. Netiweki m'mudzi mwathu inkagwira pamwamba pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi basi, ndiye Lamlungu tikaweruka mapemphero, amayi ankakwinya chitenje chawo n'kukwera pachulupo, ine ndi mlongo wanga Dalitso tili m'munsi kudikira moni wathu. Bambo ankayankhula mwachidule. Amayi akangoyamba kufotokoza za denga lodontha kapena za feteleza, mawu ankaduka. "Mayunitsi awathera," amayi ankatero akutsika. Poyamba tinkakhulupirira.

Lamlungu lina anatsika pachulupo ngati munthu amene wadwala mwadzidzidzi. Bambo anali atawauza kuti apeza mkazi wina ndipo banja latha. Anadula foni amayi asanatsegule n'komwe pakamwa. Amayi atayesa kuimba, inali itazimitsidwa.

Patapita masiku, kunabwera a Samisoni a ku Kabudula, malume a bambo, omwe anali nkhoswe ya kuchimuna. Anawapeza agogo atagona chagada pansi pa ngolo, akupaka girizi. Ine ndinali nditatumidwa kukapereka thobwa, ndiye zonse ndinazimva ndekha.

"A Yotamu, mphwanga akudikira pa foni," anatero a Samisoni. "Tiyeni pachulu paja, timve mawu ake, tisudzule mayiyu nkhani ithe."

Agogo anatulutsa mutu wokha. "Ndikwere chulu? Kodi ndine mbuzi ine?"

"Iyayi, kungoti m'munsi muno netiweki sigwira. Zinthu zinasintha, achimwene."

"Zinasinthadi. Koma pofunsira mbeta mnyamata ameneyu anabwera ndi miyendo yake, anavula chipewa, anakhala pansi pomwe mwaima inupo. Miyendo ija inathyoka? Ine sindinamve kanthu. Kwa ine Naphiri, mwana wa mlongo wangayu, ndi wokwatiwa."

Anabweza mutu wawo pansi pa ngolo, ndipo a Samisoni anabwerera ndi foni yawo m'thumba.

Amene anavutika ndi kuuma mutu kumeneku sanali bambo, anali amayi. Anakhala munthu wopanda mwamuna komanso wosasudzulidwa, ndipo kumudzi umenewo si moyo. Akafika pa mjigo, amayi anzawo ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kufunsana za nyemba. Kutchalitchi ena ankawapatsa moni wa chisoni ngati wa pamaliro. Mvula inayamba, tinadzala, tinapalira, nkhani ili pomwepo. Tsiku lina amayi anapita kwa agogo, anagwada pafupi ndi khola, akulira.

"Amalume, ingolandirani foniyo. Ndatopa kusekedwa. Muloleni anene zomwe akufunazo, ine ndimasuke."

"Iye ananena kale zomwe akufuna," anayankha agogo akumasula goli. "Nanga iwe unanenapo zako?"

Amayi anangoweramitsa mutu.

"Pa foni munthu akatopa nawe amadula. Pa mphasa sadula. Pita kunyumba, mphwanga."

Tsiku limenelo ndinawada agogo ndi mtima wanga wonse. Ndinkaona nkhalamba yopanda chisoni, yomwe inkakonda mwambo wake kuposa misozi ya mwana wa mlongo wake. Ngakhale pamene anabwera ndi ngolo nthawi yokolola n'kututa chimanga chathu chonse osauzidwa ndi munthu, ine sindinawathokoze. Ndinawapatsa madzi nditayang'ana kumbali.

Chomwe chinawabweretsa bambo sichinali chisoni ayi. Akwawo kwa mkazi watsopano uja anakana kuwalandira mpaka atamva kuchokera kwa nkhoswe kuti banja loyamba linathadi. Nkhoswe yake inali yopanda foni. Bambo anatumiza mauthenga kudzera kwa a Samisoni, kudzera kwa aphunzitsi, ngakhale kwa wometa tsitsi wa pa Nsaru komwe tinkatchajitsa foni. Onse ankabwerako ndi yankho limodzi. Pamapeto pake bambo anakwera minibasi.

Anafika m'mawa wina nthawi yachisanu, atavala jekete lomwe sindinkalidziwa, atanenepa masaya. Mphasa inayalidwa pafupi ndi khola. Ine ndinali pakhonde ndikutongola chimanga, ndipo agogo, omwe ankathamangitsa ana pa nkhani za akuluakulu, anandiyang'ana kamodzi n'kundisiya. Asanayambe n'komwe, foni ya bambo inalira m'thumba.

"Kachinthu kakoko kakaike m'ngolomo," anatero agogo. "Ng'ombe zikusungira."

Bambo anayang'ana a Samisoni, a Samisoni anayang'ana pansi. Foni inakagonekedwa m'ngolo.

Mawu omwe pa foni anawanena mopepuka, pa mphasa anawalemera. Anatsokomola, anayamba ndi za mavuto a m'tauni, agogo n'kuwabweza kuti alunjike. Kenako ananena, maso ali pa nsapato zawo, kuti banja sakulifunanso. Atangomaliza anadzuka n'kuyamba kusasa fumbi pa buluku, amvekere minibasi zimavuta masana.

"Khala pansi," anatero agogo, osakweza mawu. "Wamaliza ndiwe. Mwini wake sanayambe."

Amayi anayamba ndi mawu apansipansi, ofuna kutcherera khutu. Ananena za denga lomwe analifolera okha atakwera pa mtondo. Ananena za Dalitso, momwe anamuberekera kumbuyo mpaka kuchipatala ku Nambuma malungo atamugwira, mwana akuitana bambo ake njira yonse. Ananena za Lamlungu lililonse lomwe ankatsika pachulu n'kutinamiza ife kuti bambo atipatsa moni, pomwe sanatifunse n'komwe. Apa ine chitsononkho chinandigwa m'manja, chifukwa moni umenewo ndinkausunga mumtima sabata yonse. Mawu a amayi anapitirira kulimba, misozi inauma, mpaka anthu odutsa m'njira anayamba kuchepetsa liwiro. Ine maso anga anali pa dzanja la bambo. Linkangopita m'thumba lopanda kanthu, chala chachikulu chikukanikiza nsalu ya buluku, kufunafuna podulira.

Panalibe podulira. Anamva zonse, mpaka mthunzi wa khola unawachokera, iwo ali padzuwa ndi jekete lawo.

Amayi atafika kumapeto anapuma, n'kunena kuti, "Ndamaliza. Inenso sindikukufunani, bambo a Dalitso. Mutha kupita."

Agogo anatembenukira kwa a Samisoni. "Tsopano ndamva. Banja latha."

Sindinganame kuti zonse zinakhala bwino. Bambo anapitadi ndipo sanabwererenso, umphawi unatsala pomwepo, ndipo agogo anapitiriza kutaya makasitomala mpaka ng'ombe zinakalamba nawo limodzi. Koma mawa lake amayi anapita ku mjigo mutu uli m'mwamba, ndipo ndinawamva akuseka ndili kunyumba. Ine ndinatenga thobwa n'kukawapatsa agogo nditagwada bwinobwino. Iwo anamwa, anapukuta pakamwa ndi dzanja la girizi, n'kundifunsa ngati shuga anatha m'dziko muno.

Lero ndimakhala m'tauni ndipo ndimagulitsa mtedza ndi soya wochokera kwathu konko. Popanda foni sindingadye. Maoda onse amabwerera momwemo, ndipo ikazima ndimasowa mtendere ngati wina aliyense. Sindine agogo a Yotamu. Koma chaka chatha nambala yachilendo inandiimbira, ndipo mawu ake ndinawazindikira ngakhale anali atakalamba.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Ndakhala ndikuganiza. Ndimafuna ndikupepese."

Mawu amenewo ndinawadikira ubwana wanga wonse, ndipo kunali kosavuta kungoti zikomo, zatha. M'malo mwake ndinawalongosolera bwinobwino minibasi yoti akwere, poti atsikire, ndi mtundu wa geti langa. Ndinawauza kuti ndili ndi zambiri zoti ndiwauze, ndipo adzafunika kukhala pansi.

Sanabwerebe. Amaimba nthawi ndi nthawi, ndimawapatsa moni mwaulemu, ndimawafunsa za miyendo yawo yomwe akuti ikuwawa. Akangoyamba za kupepesa, ndimawafunsa kuti abwera liti.